Kodi ku America kulidi makampu achinsinsi otsekeramo anthu?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene mwana wake wamwamuna amagwira ntchito ku Indiana, m'dziko la America. Akuti mwanayo wawatumizira kanema pa WhatsApp woonetsa mpanda wa waya waminga, njanji ndi mabokosi akuda ambirimbiri osanjikizana. Wolankhula m'kanemayo akunena kuti bungwe la FEMA lamanga mobisa makampu mazanamazana, oti boma likadzalengeza kuti dziko lili pa ngozi lidzatsekeremo nzika zosamvera. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi n'zoona? Ndimuuze abwereko? Bambo anga anakhalako ku Dzaleka nthawi ya Kamuzu, ndiye nkhani ngati izi ine sindizitenga mwamasewera."

Amayi, zikomo pofunsa, ndipo pepani ndi zomwe banja lanu linadutsamo. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pa kanemayo. Zimene akunenazo ndi mphekesera yakalekale, yazungulira ku America kwa zaka zoposa 30, ndipo nthawi yonseyi palibe kampu yachinsinsi ya FEMA imene yapezeka ndi munthu m'kati mwake. Koma nkhawa yanu ili ndi maziko. Boma la America linatsekerapo anthu ambirimbiri popanda mlandu, ndipo lero lino likusunga anthu obwera zikwizikwi m'malo otchingidwa ndi waya. Kungoti zinthu zimenezi zimachitika mosiyana kwambiri ndi mmene kanemayo akufotokozera, ndipo kusiyanako ndi kumene mwana wanu ayenera kukumvetsa.

FEMA ndi bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, monga mmene ilili DoDMA kuno kwathu. Analikhazikitsa ndi pulezidenti Jimmy Carter mu 1979, ndipo kuyambira 2003 lili pansi pa unduna woona za chitetezo cha m'dziko. Kukagwa namondwe, madzi akasefukira kapena moto ukatentha midzi, ndi limene limabwera ndi madzi akumwa, malo ogona ndi ndalama zokonzera nyumba. Lili ndi mbali ina yobisika ndithu, yokonzekera mmene boma lingapitirire kugwira ntchito kutagwa nkhondo ya mabomba a nyukiliya, ndipo limayang'anira malo otetezedwa a Mount Weather ku Virginia. Chinsinsi chimenecho ndi chimene chimapatsa mphekesera pokwerera.

Zithunzi zimene mwaona anthu anazifufuza kalekale. Mabokosi akudawo anajambulidwa ku Madison, m'chigawo cha Georgia. Ndi zikuto za pulasitiki zomwe amazingira bokosi la maliro m'manda kuti dothi lisalititimize, ndipo anaziunjika pamenepo ndi kampani yozipanga. Mpanda ndi njanji zomwe zimaoneka kawirikawiri m'makanema oterewa ndi za ku Beech Grove, ku Indiana komweko kumene kuli mwana wanu, pamalo okonzera sitima zapamtunda za Amtrak. Chithunzi china chojambulidwa kuchokera mlengalenga, chomwe ankati ndi kampu ya ku Wyoming, chinapezeka kuti ndi ndende ya ku North Korea. Mu 2015 mantha anakula pamene asilikali ankachita zoyeserera zotchedwa Jade Helm 15. Anthu ankati masitolo a Walmart omwe anatsekedwa nthawi imeneyo asandutsidwa ndende, mpaka bwanamkubwa wa Texas, Greg Abbott, analamula asilikali a chigawo chake kuti aziyang'anira zoyesererazo. Zinatha mu September chaka chomwecho popanda munthu wamba kutsekeredwa.

Ndiye n'chifukwa chiyani mphekeserayi siifa? Chifukwa pansi pake pali mbiri yeniyeni, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Pa 19 February 1942, patangopita miyezi iwiri ndege za Japan zitaphulitsa Pearl Harbor, doko la asilikali a America ku Hawaii, pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa Executive Order 9066. Potsatira lamulolo, anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani okhala kugombe la kumadzulo anachotsedwa m'nyumba zawo. Awiri mwa atatu alionse anali nzika za America, obadwira komweko. Zikalata zowalamula kuchoka zinkakhomedwa pa mitengo ya magetsi ndi pa makoma, ndipo munthu ankaloledwa kunyamula zokhazo zimene manja ake angakwanitse. Banja limagulitsa sitolo kapena munda pa mtengo wozizira chifukwa latsala ndi masiku ochepa. Aliyense, ngakhale khanda, ankamumangirira kapepala ka nambala pa chovala. Ena anayamba agona m'makola a mahatchi pa mabwalo a mpikisano a Santa Anita ndi Tanforan, fungo la ndowe likadalimo, asanawatumize ku makampu khumi a m'zipululu ndi m'madambo monga Manzanar, Tule Lake, Heart Mountain ndi Topaz. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anauzidwa mlandu wake.

Onani bwino mmene zinachitikira, amayi. Panalibe kubisa. Manyuzipepala ankalemba, Nyumba ya Malamulo inavomereza, anthu ambiri ankaombera m'manja. Mnyamata wina, Fred Korematsu, anakana kuchoka ndipo nkhani yake inafika ku khoti lalikulu, koma mu 1944 oweruza 6 mwa 9 anati boma silinalakwe. Tsiku lomwelo khotilo linagamula pa nkhani ya mayi wina, Mitsuye Endo, kuti nzika yomwe boma lenilenilo likuvomereza kuti ndi yokhulupirika singapitirire kusungidwa, ndipo zimenezi zinathandiza kuti zipata ziyambe kutseguka. Kupepesa kunabwera mu 1988, pamene Ronald Reagan anasaina lamulo lopereka madola 20,000 kwa aliyense amene anali akadali moyo. Bungwe lomwe linafufuza nkhaniyi linapeza kuti gwero lake linali tsankho, mantha a nkhondo ndi kulephera kwa atsogoleri. Ambiri mwa akuluakulu amene anataya minda yawo anali atamwalira kale.

Zitatha izi, mu 1950, pa nthawi yoopa chikomyunizimu, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola boma kutsekera aliyense woganiziridwa kuti angathe kuchita ukazitape dziko likakhala pa ngozi. Pulezidenti Harry Truman analikana, aphungu anamugonjetsa ndi mavoti. Malo asanu ndi amodzi anakonzedwa, kuphatikizapo Tule Lake yemwe uja. Sanagwiritsidwe ntchito, ndipo mu 1971 lamulolo linafafanizidwa, makamaka chifukwa cha khama la Ajapani a ku America amene ankadziwa ululu wake. M'malo mwake munabwera lamulo lonena kuti nzika singatsekeredwe pokhapokha pali lamulo la Nyumba ya Malamulo lololeza kutero.

Dzina la FEMA linalowa m'nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980. Mu 1984 boma linachita zoyeserera zotchedwa Rex 84, zomwe mwa zina zinkaganizira zosunga anthu obwera ambirimbiri kutachitika chipwirikiti. Mu 1987 nyuzipepala ya Miami Herald inalemba kuti msilikali wina wa ku ofesi ya pulezidenti, Oliver North, anathandiza FEMA kulemba ndondomeko yoimitsira malamulo oyendetsera dziko pa nthawi ya ngozi. Phungu Jack Brooks atamufunsa North za nkhaniyi pamaso pa anthu onse, wapampando Daniel Inouye anamudula pakamwa n'kunena kuti imeneyo ndi nkhani yachinsinsi yosayenera kukambidwa pagulu. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene boma linadzikumbira dzenje lokha. Funso linali loyenera, yankho silinaperekedwe poyera, ndipo anthu anadzaza mpatawo ndi maganizo awo. Kenako mu 2006 kampani ya KBR inapatsidwa kontirakiti ya madola 385 miliyoni yomanga malo osungira obwera ngati atafika ambiri nthawi imodzi, ndipo mu 2009 phungu Alcee Hastings anabweretsa bilu yokhazikitsa malo othawirako ngozi m'mabwalo a asilikali. Biluyo inafera m'komiti, koma mpaka lero imatchulidwa m'makanema ngati kuti inadutsa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ine monga wa zamalamulo ndi zomwe zinachitika pambuyo pa zigawenga za pa 11 September 2001. Ndende ya Guantanamo ku Cuba inatsegulidwa mu January 2002 ndipo anthu pafupifupi 780 adutsamo, ambiri osazengedwa mlandu uliwonse. José Padilla, nzika ya America, anagwidwa pa bwalo la ndege la Chicago mu 2002 n'kusungidwa m'ndende ya asilikali kwa zaka zitatu ndi theka asanamutengere ku khoti wamba. Makhoti anabweza boma pang'ono: mu 2004 khoti lalikulu linati nzika yosungidwa ngati mdani iyenera kupatsidwa mpata wotsutsa, ndipo mu 2008 linati ngakhale a ku Guantanamo ali ndi ufulu wokafunsa woweruza chifukwa chomwe akusungidwira. Koma pa 31 December 2011 Barack Obama anasaina lamulo la ndalama za asilikali lokhala ndi gawo 1021, lomwe limatsimikizira mphamvu zosunga oganiziridwa zauchigawenga popanda kuwazenga mlandu. Woweruza Katherine Forrest analiimitsa mu 2012, khoti la apilo linabweza chigamulo chake chaka chotsatira ponena kuti odandaulawo analibe mphamvu zosumira. Nkhani ngati imeneyi ilibe chithunzi choopsa choti munthu n'kutumiza pa foni, n'chifukwa chake siiyenda ngati ya mabokosi akuda, koma ndi imene ili ndi mano.

Tsopano tifike pa zomwe zikumukhudza mwana wanu. Makampu omwe alipodi ku America masiku ano ndi osungira anthu obwera, ndipo amayendetsedwa ndi ICE, nthambi ya boma yoona za anthu obwera, ambiri kudzera m'makampani monga GEO Group ndi CoreCivic. Pofika kumapeto kwa 2025 anthu osungidwa m'malo amenewa anali oposa 60,000. Mu July 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza madola 45 biliyoni owonjezera malo otere. Mwezi womwewo chigawo cha Florida chinatsegula kampu ya matenti, yokhala ndi zikwere za waya m'kati, pa bwalo la ndege la m'dambo la Everglades, ndipo akuluakulu a boma ananena okha kuti ndalama zake zidzabwezedwa kudzera ku FEMA. Ndikukuuzani zimenezi kuti musandimve ngati ndikuti dzina la FEMA ndi loyera pa chilichonse. Mu March chaka chomwecho boma la Donald Trump linagwiritsa ntchito lamulo la 1798 lokhudza adani ochokera kunja, ndipo anthu a ku Venezuela oposa 200 anatumizidwa ku ndende ya CECOT ku El Salvador asanaonekere pamaso pa woweruza. Khoti lalikulu linagamula pambuyo pake kuti munthu ayenera kudziwitsidwa ndi kupatsidwa mpata wokadandaula asanachotsedwe. Zonsezi zinachitika masanasana, makamera akujambula. A Malawi amene anagonako ku Lindela, ku Krugersdorp m'dziko la South Africa, akudziwa mmene malo otere amakhalira: palibe amene amawabisa, kungoti eni dziko ambiri salabadira chifukwa otsekeredwawo ndi alendo.

Mwatchula za Dzaleka, ndipo n'koyenera kuti tikambepo, chifukwa mbiri yathu ikuphunzitsa zomwezi. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency m'Nyasaland, boma la atsamunda likunena kuti a chipani cha Nyasaland African Congress akonza chiwembu chopha Azungu. M'bandakucha wa tsikulo atsogoleri anagwidwa m'nyumba zawo, Dr Banda anatumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ena ku Khami, ena anaunjikidwa pa kampu ya Kanjedza ku Limbe. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda mlandu ndipo oposa 50 anaphedwa, osachepera 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin silinapeze umboni wa chiwembu chachikulu chomwe chinkanenedwacho, ndipo linati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene anatuluka m'ndendemo atatenga boma sanataye chida chimenecho. Chitachitika chisokonezo cha nduna mu 1964, lamulo la Preservation of Public Security linapatsa boma mphamvu zotsekera munthu kwa nthawi yosadziwika ndi siginecha chabe. Dzaleka inadzaza, kenako Mikuyu. A Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anatsekeredwa ambirimbiri chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene zinkakhalira pakhomo: galimoto imafika usiku, m'mawa anansi amadutsa osapereka moni, mayi amapita ku polisi ndi kambale ka nsima n'kuuzidwa kuti munthu wotereyo sakumudziwa. Malo a Dzaleka aliyense ankawadziwa. Chomwe chinalipo n'chakuti panalibe khoti loti n'kukafunsako.

N'chifukwa chake olemba malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994 anaika mipanda yomwe ndikufuna muidziwe. Gawo 42 limati womangidwa afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48. Gawo 45 limati pulezidenti sangalengeze State of Emergency yekha popanda chivomerezo cha komiti ya aphungu yoona za chitetezo, kuti chilengezocho chimatha pakapita masiku 21 pokhapokha aphungu awiri mwa atatu alionse atavomereza kuchitalikitsa, komanso kuti khoti la High Court lingathe kuchiunika. Ngakhale pa nthawi yotere, achibale a wotsekeredwa ayenera kudziwitsidwa ndipo dzina lake lisindikizidwe mu Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma. Ufulu wa habeas corpus, woti woweruza alamule boma kubweretsa munthu pamaso pake ndi kufotokoza chifukwa chomusungira, sungachotsedwe. Malamulo a America amalola kuuimitsa pa nthawi ya kuukira boma kapena dziko likalowedwa ndi adani, ndipo pulezidenti Abraham Lincoln anauimitsadi mu 1861. Mipanda yathuyi inagwira ntchito mu April 2020, pamene khoti linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 womwe boma linalengeza chifukwa cha mliri wa Covid-19 lisanakonze zoti osauka adya chiyani. Koma mu May 2023 tinaonanso othawa kwawo, ana omwe, akugwidwa m'matauni n'kukagonekedwa ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, ndipo ambiri mwa ife tinangoyang'ana, ena kusangalala kumene chifukwa mashopu awo atsekedwa. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ajapani a ku California, a Mboni za Yehova, anthu a ku Venezuela ndi a ku Burundi onse anali kagulu kamene anthu ambiri anali atakonzeka kale kukakayikira.

Ndiye munthu akakuuzani za kampu iliyonse, kaya ku Texas kaya ku Dowa, mafunso ofunsa ndi ochepa. Kodi wolowamo angathe kutuluka akafuna? Anthu amene anathawira m'masukulu a ku Blantyre ndi ku Phalombe pa nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 ankatuluka m'mawa kukayang'ana zotsala pa mabwinja awo n'kubwerera madzulo, ndiye amenewo anali malo othawirako basi. Ngati sangatuluke, lamulo lake ndi liti, ndipo wasaina ndani? Mayina a osungidwa alembedwa poti achibale angawaone? Loya amalowa? Woweruza angalamule kuti munthu atulutsidwe, ndipo akalamula boma limamvera? Funso lomalizali ndi limene ndimaliyang'anitsitsa koposa. Tsiku limene boma layamba kunyozera chigamulo cha khoti, ngozi yafika, kaya mpanda wamangidwa kaya ayi.

Mphekesera ya makampu a FEMA ili ndi kuipa kwake kwenikweni. Mu October 2024, namondwe Helene atasakaza North Carolina, ogwira ntchito a FEMA anaimitsa kwa kanthawi ntchito yoyendera anthu khomo ndi khomo chifukwa choopsezedwa, ndipo bambo wina anamangidwa ali ndi mfuti. Amene anavutika ndi anthu omwe nyumba zawo zinakokoloka. Pali zifukwa zomveka zodzudzulira bungweli, monga kuchedwa kwake pa namondwe Katrina mu 2005 ndi timanyumba tokoka tomwe linagawa, tomwe tinapezeka ndi mpweya wodwalitsa. Koma munthu wokana kulowa m'malo othawirako poopa kuti samutulutsanso akuika moyo wake pachiswe chifukwa cha bodza. Ku Indiana kumagwa akamvuluvulu oopsa. Belu lochenjeza likalira, mwana wanu athamangire kumene akuuzidwa, asaganize za kanemayo.

Kodi abwereko? Chifukwa cha kanema ameneyu, ayi. Funso loti mumufunse ndi la zikalata zake. Ngati chilolezo chake chokhalira ndi kugwira ntchito chili bwino, aziyenda ndi umboni wake, aonetsetse masiku othera, ndipo asagwire ntchito yomwe viza yake siilola. Ngati chinatha, asadikire kuti agwidwe, akaonane ndi loya wa za obwera kapena mabungwe othandiza mwaulere, omwe ambiri ali pansi pa mipingo, ndipo asamale ndi anthu odzitcha alangizi omwe amangodya ndalama. Malamulo a America amapereka ufulu wina kwa aliyense wokhala m'dzikomo, nzika kapena mlendo. Angathe kukhala chete osayankha mafunso. Sakakamizidwa kutsegula chitseko cha nyumba pokhapokha obwerawo ali ndi chikalata chosainidwa ndi woweruza, ndipo angawapemphe kuti achilowetse pansi pa chitseko kuti achiwerenge. Asathawe, asalimbane nawo, asaname, ndipo asasaine pepala lililonse asanalankhule ndi loya, chifukwa ena amasaina kuvomera kuchotsedwa m'dziko osadziwa. Pa milandu ya obwera boma silipereka loya waulere, ndiye nambala ya loyayo aisunge pamtima. Ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington idziwitsidwe.

Inu kuno mupempheni akutumizireni chithunzi cha pasipoti yake, nambala yake ya ku ofesi ya obwera yoyamba ndi chilembo A ngati ali nayo, ndi foni ya mnzake mmodzi wodalirika wa kumeneko. ICE ili ndi tsamba la pa intaneti lofufuzira munthu wosungidwa, ndipo limafuna dziko lobadwira pamodzi ndi nambala imeneyo, kapena pamodzi ndi dzina lolembedwa ndendende mmene lilili pa zikalata. Zimenezi muzilembe m'kope ndi kuzisunga pamalo pomwe wina wa m'banjamo akudziwa.